Nafisa, Dzuka, Sewero Latha

Pali mawu ena amene mayi sayenera kuwamva mwana wake ali gone pabedi la m'chipatala. Mayi Lukiya anawamva, ndipo anachokera pakamwa pa mlongo wawo wa bere limodzi.

Chinali chaka cha 1979, ku Balaka. Nafisa, mwana wawo wa zaka zisanu ndi zinayi, thupi linali litatentha ngati mbaula, osazindikira munthu. Mayi Lukiya anakhala pansi pasimenti, akumunyowetsa pachipumi ndi kansanza. Kenaka analowa a Sidik, mlongo wawo wamkulu, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Sanapereke ndi salamu yomwe.

"Mwaona, Chemwali? Mwana wamoyo mumamufunditsa sanda anthu akuonerera. Imfa munaiitana nokha, lero yavomera."

Mayi Lukiya anapitiriza kumunyowetsa mwanayo, a Sidik n'kuwonjezera:

"Mulungu akatibwezera mwanayu, ndikumutenga. Akakhala ndi ine kwa Kawinga."

Kwathu kuno mwana ndi wa mbumba, ndipo mwini mbumba akalankhula ndiye kuti walankhula. Choncho mayiyu anadziwa kuti mwana akamwalira amutaya, akachiranso amutayabe. Analira mosatulutsa mawu.

Inu amene mukuwerenga, mwina mukufunsa kuti mayi wanzeru zake angafunditse bwanji sanda mwana wamoyo. Dekhani, ndikuuzeni pomwe zinayambira.

Amuna a Mayi Lukiya anapita ku Joni osabwerako. Anawasiyira ana atatu: Hassani, Usumani ndi Nafisa. Dzinja lina chikuku chinalowa m'mudzi mwawo kwa Kawinga, ndipo anyamata awiri aja anatsatana kumanda chimanga chisanache. Mayiyo analephera kukhalanso m'nyumba imene ija. Anabereka Nafisa n'kukwera sitima ya ku Balaka, kumene anayamba kugulitsa zitumbuwa pa siteshoni.

Nafisa anakulira pamenepo, ndipo anakula ndi matenda amodzi osamva mankhwala: kutsanzira anthu. Akaona woona matikiti akuyenda mimba patsogolo, naye ankatulutsa kamimba kake n'kumamulondola pambuyo. Akamva mayi wa ku Limbe akudandaula za fumbi, ankabwereza mawuwo ndi kamphuno komwe. Apaulendo ankaseka mpaka kugula zitumbuwa zimene sanazifune. Amayi ake anamuikira lamulo limodzi lokha: ayufi oona makadi a chipani asadzayerekeze kuwatsanzira, ngakhale kuseri kwa nyumba. Masiku amenewo nthabwala ina inkasowetsa munthu.

Tsiku lina anaima pamenepo a Lyford, mphunzitsi wamtali wokonda zisudzo kuposa choko. Anali ndi gulu limene a zaumoyo analipempha kuti lizizungulira m'midzi ndi sewero la katemera, chifukwa anthu ambiri ankabisa ana, ati chikuku sichifuna jakisoni. Gululo linkasowa mwana woti azisewera ngati wodwala.

"Mayi, mwana wanuyu ali ndi mphatso. Tibwerekeni."

"Sewero lake ndi la chiyani?"

"La chikuku."

Chitumbuwa chinawapserera Mayi Lukiya m'mafuta. Kenaka anati, "Mukanabwera kale, aphunzitsi. Mtengeni."

Anavomera ndi mtima wonse, koma anavomera okha. Sanatumize mawu kwa Kawinga. Sanafunsenso kuti m'seweromo mwana wawo azikatani kwenikweni. Anangomuchapira diresi n'kumukweza lole.

Sewerolo linali la bambo wamakani wokana katemera. Mwana wake ankadwala, n'kumwalira, ndipo ankamufunditsa nsalu yoyera. Nafisa ankafa mwaluso moti ku Utale agogo ena anakomoka. Mbiri yake inawanda. Anthu pa siteshoni anayamba kuloza Mayi Lukiya kuti, "Awo ndi amayi ake a kamwana komafa kaja." Iwo ankaseka, poti kunyada kwa kholo sikusankha mawu.

Kenaka gululo linafika kwa Ngokwe tsiku la msika, ndipo a Sidik anali komweko kudzagula mbuzi. Anadzipanikiza m'khamulo kuti aone chimene anthu aunjikanira. Anaona mwana wa mlongo wawo, yekhayo wotsala, ali thasa pamphasa, munthu wachilendo akumukokera nsalu yoyera kumaso. Kwa Msilamu nsalu yoyera yotere ilibe dzina lina. Ndi sanda basi. A Sidik analumphira m'bwalo, anakoka nsaluyo n'kuitaya uko, ndipo sewero linathera pomwepo.

Patangopita masiku ochepa, Nafisa anadwala. Ndani akanawauza a Sidik kuti zangochitika?

Tsopano tibwerere m'chipatala muja. Anamwino anati ndi malungo, ndipo anayamba kumubaya. Mayi Lukiya sanadye. Ankangoyang'ana pachifuwa pa mwanayo ngati pakukwera ndi kutsika, uku akuchita dua, kuchonderera Mulungu.

M'mawa wina namwino wamkulu anadutsa, mayi wonenepa wa mawu a m'mphuno, akukalipira odikirira odwala za makoko a nthochi. Atangotuluka, pabedi panamveka kamawu kofooka, ka m'mphuno ndendende: "Kodi muno ndi m'khola? Ndani wadya nthochi?"

Wodi yonse inafa ndi phwete. Mayi Lukiya anaseka misozi ili chuchuchu, akungoti, "Alihamudulilahi, Alihamudulilahi." Mwana anali atabwerera, ndi mwano wake womwe.

Koma a Sidik sanali munthu wobweza mawu. Nafisa atatuluka, anamutenga.

Mayi Lukiya anabwerera ku kachipinda kawo kopanda phokoso. Zitumbuwa zinayamba kutsala m'dengu. Anzawo ena anawalangiza kuti akamube mwanayo, ena kuti akasume. Iwo anakana zonsezo. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anasankha njira yotopetsa. Mpata ukapezeka ankapita kwa Kawinga, n'kukalowa m'munda wa thonje wa a Sidik, kupalira ndi kutola limodzi ndi alamu awo. Za sewero sankazitchula. A Sidik ankangowayang'ana cham'mbali, kudikira mkangano umene sunkabwera.

Chimene chinawapweteka ndi Nafisa. Ankadya bwino, ankapita ku madrasa, amjomba ake ankamukonda. Koma anali atasiya kutsanzira anthu. Ngakhale tambala wa m'mudzimo, amene ankalira ngati ali ndi chifuwa, anamusiya osamunyoza.

Tsiku lina ali awiri pachitsime, amayi ake anamufunsa, "Ukulifunabe sewero?"

"Ndikulifuna, Amayi. Koma nsalu ija iyayi."

"Bwanji?"

"Akandifunditsa ndimaona a Hassani. Ndimaopa kuti anthu azipita osandivundukula."

Mayi Lukiya anakhala pansi pomwepo, m'matope a pachitsime. Miyezi yonse ija ankalandira mayamiko pa siteshoni, osadziwa kuti mwana wawo amanjenjemera pansi pa nsalu. Anazindikira kuti a Sidik analakwitsa za malungo, koma sanalakwitse zonse. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Apa ndi pamene ndimawalemekezera mayi amenewa. Ena akanati basi, zisudzo zithe, mwana akhale pansi. Enanso akanati alimbe mtima, azolowera. Iwo anakana kutaya mphatso ya mwana, anakananso kutaya mwana chifukwa cha mphatsoyo. Anapita kwa a Lyford.

"Aphunzitsi, mukamufunanso Nafisa, mumvere zanga. Masiku a sukulu sayenda. Kumene akupita, inenso ndikwera lole yomweyo. Nsalu yoyera ayi, muzimufunditsa chitenje changa ichi, azimva fungo la amake. Ndipo sewero likatha, ndizilowa ndekha kukamudzutsa anthu onse akuona."

A Lyford anagwira mutu. "Mayi, akadzuka ndiye kuti sewero latha mphamvu! Anthu amayenera kupita kwawo akulira."

"Kulira alire, koma osati pa mwana wanga. Wanga adzuke."

Aphunzitsiwo anang'ung'udza, koma analibe pothawira. Mtsikana amene analowa m'malo mwa Nafisa ankati akamufunditsa nsalu, n'kuyamba kuseka, maliro onse n'kumagwedezeka. Anavomera.

Anatsala a Sidik. Mayi Lukiya anagwada pakhonde pawo, mutu uli pansi.

"Achimwene, ndinalakwa kupereka mwana osakuuzani. Mundikhululukire. Ndikupempha kamodzi kokha. Gululi likubwera konkuno tsiku la sikelo. Mumulole asewere inu mukuona. Mukakanabe, sindidzatchulanso."

A Sidik sanakane. Chikuku chinali chitayambanso kumveka kutsidya kwa dambo, ndipo mwana wawo wotsiriza anali asanabayidwe. Mwina ndi chimenecho, mwina ndi thonje lija anatoleredwa, sindikudziwa. Anangoti, "Kamodzi. Ndikaona sanda, ndiwotcha lole."

Tsikulo anthu anadzaza pansi pa mitengo ya mango, dzuwa lili paliwombo. Anayamba ndi nyimbo za chipani monga zinkakhalira, kenaka sewero. A Sidik anaima kutsogolo, manja atapinda pachifuwa.

Nafisa anasewera ngati sanasiyepo. Anaseketsa anthu potsanzira bambo wake wa m'seweromo, kenaka anayamba kutsokomola, kufooka, mpaka anagona pamphasa. Anamufunditsa chitenje chakale cha maluwa ofiira, chonunkhira mafuta a zitumbuwa. Bwalo lonse linati zii.

Mayi Lukiya analowa ndi chikho cha madzi. Anagwada, anavundukula chitenje chija, n'kumusukusula mwanayo kumaso.

"Nafisa, mwana wa Lukiya, dzuka. Sewero latha."

Nafisa anatsegula maso, anadzuka, anamwa madzi otsalawo. Khamu lonse linapumira pamodzi, ndipo amayi ena anayamba nthungululu. Pamenepo Mayi Lukiya anayenera kutuluka. Koma anapezeka ataimirira, akuyang'ana nkhope za anthu amene anakula nawo, ndipo mawu amene sanawakonzekere anatuluka okha.

"Abale anga, mukundidziwa. Uyu wadzuka chifukwa ndi sewero. Hassani ndi Usumani ndinawaitana chomwechi, mayina awo onse. Sanadzuke."

Nthungululu inaduka. Ambiri pamenepo ndi amene kale lija ananyamula nawo jeneza, chithatha cha maliro a ana aja. Mayi wina anamasula mwana kumsana n'kulunjika patebulo la a zaumoyo. Wina anatsatira. Posakhalitsa mzere unazungulira mtengo wa mango.

Mayi Lukiya anayang'ana pomwe panaima a Sidik, koma panalibe munthu. Anaganiza kuti akwiya, apita kukatenga njinga. Akupinda chitenje, Nafisa anawakoka dzanja n'kuloza.

Kumapeto kwa mzere wa amayi okhaokha kunaima mwamuna mmodzi wa chisoti choyera, atanyamula khanda molakwika ngati mtolo wa chinangwa. Maso anali ofiira, ndipo ankayang'ana kumwamba ngati akufufuza mvula m'mwezi wa Ogasiti.

Anali a Sidik. Atabayitsa mwana wawo, anadza kwa mlongo wawo.

"Chemwali, mtengeni mwana wanu. Koma kulikonse akasewera, mukamudzutse ndinu. Osatuma munthu."

"Ndamva, Achimwene."

Mayi Lukiya ankati tsiku limenelo anapuma mpweya umene anaugwira kuyambira m'chipatala muja. Pa lole pobwerera, Nafisa anatsanzira amjomba ake atanyamula khanda, ndipo amayi ake anamusiya, sanamuletse.

Kuyambira pamenepo, a Lyford, amene ankaopa kuti sewero latha mphamvu, ndi amene ankakumbutsa kuti chikho chisaiwalike. Mayi Lukiya anakwera malole mpaka msana unazolowera mabampu. Anakangana ndi aphunzitsiwo kangapo pa za mayeso a mwana, ndipo nthawi zonse mayeso ndiwo ankapambana. Nafisa anamaliza sukulu, ndipo patsogolo pake mawu ake anayamba kumveka m'masewero a pa wailesi. A Sidik anagula wailesi n'kumaimangirira panjinga, ndipo aliyense wokumana nawo ankauzidwa, afune asafune, kuti ameneyo ndi mwana wa mbumba yawo, anamulera okha. Mayi Lukiya sankawatsutsa.

Ngakhale Nafisa atakula, akabwera kunyumba atasewera mbali yachisoni, amayi ake ankamudikira pakhomo ndi chikho cha madzi. Iye ankaseka kuti, "Amayi, ndine wamkulu tsopano." Koma ankaweramitsa nkhope.

Kholo linzanga, mwina nawe uli ndi mwana wa mphatso imene abale sakuimvetsa, ndipo mwina iwe wemwe ikukuopsa. Usaikwirire, komanso usamuponye mwanayo m'manja mwa anthu n'kutsala ukuwomba m'manja patali. Mufunse chimene akuopa. Kwera naye lole. Ukalakwa, gwada, pepesa, uyambirenso.

Ndipo ngati ndiwe amene wagona pansi lero, anthu atakufunditsa kale nsalu n'kumati zako zatha, osataya mtima. Ukupumabe. Mayi wogulitsa zitumbuwa anaika ana awiri m'manda, wachitatu n'kulandidwa, koma anayendabe mpaka anamubweza ndi chikho cha madzi. Pukuta nkhope, dzuka.