A Saulosi Apatulira Kompyuta

A Saulosi anabwera ku Nsaru ngati tenanti wa fodya, koma lero amaikira anthu nyimbo m'mafoni. Chaka chatha kompyuta yawo inayamba ulesi, moti kasitomala ankayasamula katatu nyimbo imodzi isanatseguke. Wokonza wochokera m'tauni anati, "Bambo, ingoitayani, memore yadzaza."

Iwo anakana. Anatsegula mndandanda wa mapulogalamu amene ankadziyambira okha, ndipo anapezamo makumi awiri akulimbirana malo ngati chimanga chothithikana pa phando limodzi. Anazimitsa onse osafunika n'kusiya atatu okha. Kompyuta ija inayamba kuthamanga ngati yogula dzulo.

Wokonza uja atadutsanso, a Saulosi anamukodola akuseka. "Achimwene, bwerani muione! Imangofuna kupatulira basi. Kodi kwanu kunalibe munda?"