Mai Esnath Aphwetsa Mimba Imene Anaimanga Okha

Mai Esnath, dzina lawo la ubatizo Florida, ndakhala nawo mpanda umodzi ku lokeshoni ya Unit N, kufupi ndi Harare, kuyambira chaka chimene dziko lino linalandira ufulu. Anabadwira pa famu ya fodya, makolo awo ochokera ku Ntcheu, ndipo anakwatiwa ndi a Cyprian, bambo woonda moti malaya ankaoneka ngati akadali pa chingwe choyanikira.

Kuonda kumeneko n'kumene kunawasowetsa mtendere. Mlongo wa a Cyprian, a Anastasia a ku Unit A, amene tonse tinkangowati Tete, kutanthauza azakhali, monga achitira Ashona, ankati akakumana ku tchalitchi n'kutsina mkono wa mlongo wawoyo anthu akuona.

"Mlamu, kodi munthuyu mumam'patsa chakudya, kapena mumangomununkhizitsa?"

Mawu amenewo anawalasa mumtima Mai Esnath, ndipo anaiyamba ntchito. M'mawa buledi wopaka majarini mbali zonse ziwiri, tiyi wa shuga wochita kumata milomo. Madzulo mazondo, mapazi a ng'ombe aja, msuzi wake wonona, mchere osaumira. Mwayi wawo, a Cyprian anawakweza kukhala kapitawo pa fakitale ina ku Harare, njinga n'kuikoleka, n'kumapita pa basi. Abale inu, munthu anafufuma! Pofika 1986 zingwe za nsapato ankawamangira ndi akazi awo, ndipo ankawamangira pakhonde dala kuti odutsa aone. Tete anasiya kutsina, n'kuyamba kuuza amayi a ku tchalitchi kuti mlamu wawo ndi mkazi weniweni. Mai Esnath ankayenda ngati sakuponda pansi.

Kenaka a Cyprian anayamba kudandaula mutu, chizungulire, ndi wefuwefu pongoyenda kuchoka pageti kukafika pokwerera basi. Anapita onse awiri ku kiliniki. Namwino anawamanga lamba wopopa uja pamkono, n'kupukusa mutu.

"Bambo, magazi anu akuthamanga kwambiri. Mitsempha ya munthu imafunika kukhala yofewa, yotamuka mtima ukapopa. Thupi likachuluka mafuta chonchi imauma, ngati payipi yothirira ndiwo yokhalitsa padzuwa. Mukapitiriza, tsiku lina mudzagwa n'kufa ziwalo, kapena osadzukanso. Mwani mapilitsiwa, koma mimbayi itsike."

Tsiku limenelo ndinawapeza Mai Esnath atatsamira mpanda, misozi ili mbwembwembwe.

"Mai Masauko," anandiitana, "zaka zonsezi ndimati ndikusamala munthu, kani ndimamuumitsa mitsempha?"

Ndinawamvera chisoni kwambiri, ngakhale kuti kuseka kunali pakhosi.

Koma mayi ameneyu akagwira chinthu sachita mwatheka. Majarini anatha m'nyumba. Kunabwera masamba owiritsa, nyemba, kamchere kongowaza. Loweruka lililonse ankawayendetsa amuna awo wapansi mpaka ku Manyame Park n'kubwerako, bambo akutsalira m'mbuyo, akung'ung'udza m'Chichewa ndi m'Chishona momwe. Tsiku lina a Cyprian anasuzumira kukhitchini kwanga, nkhope ya mwana wamasiye.

"Mai Masauko, kafupa kokha, ndingoyamwako."

"Chokani apa, a Cyprian, mukufuna andiphe akazi anu?"

Mimba inayamba kuphwa, mutu unaleka, nsapato anayambanso kumanga okha. Tsoka lake, chinali chaka cha 1988, nthawi imene anthu anayamba kunong'onezana za matenda atsopano aja oondetsa. Munthu akatsika thupi pang'ono, maso onse pa iye. Amayi amene ankatama Mai Esnath anayamba kuleka nkhani iwo akamafika. Ena ankati bamboyo anayenda moipa, ena ankati mkaziyo ndiye wabweretsa. Zinkandipsetsa mtima, koma pakamwa pa anthu a mu Unit N simungapatseke.

Lamulungu lina masana Tete anatulukira pageti ndi mbale yaikulu yovundikira. Fungo lake linafika mpaka kwanga: nyama ya nkhumba, yamafuta okhaokha.

"Mlamu, mwamutani mlongo wanga?" anakuwa. "Mukudziwa zimene akunena anthu? Dzina lanu laipa, la banja lathu laipa. Munali mkazi wabwino inu. M'bwezereni thupi lake msanga, anthu atseke pakamwa!"

A Cyprian anali pakhonde, maso ali pa mbale, akumeza malovu. Ndinkadziwa kuti ukwati wawo wonse Mai Esnath akhala akufuna Tete awayamikire, ndipo ndinaopa kuti agonja.

Analandira mbaleyo, osaivundukula. Kenaka anagwada bwinobwino pafumbi, n'kuibweza ndi manja awiri.

"Pepani, Tete, kadyereni kwanu. Anthu andinene mmene angafunire, ndipirira. Koma zoti ndikhale pamphasa inu mukuphika ndiwo za pamaliro a bambowa, zimenezo ndakana."