Chitseko Chachitali cha ku Ching'ambo

Ku Ching'ambo kuli bambo ena aafupi, akalipentala, osasiyana ndi pensulo kukhutu. Mwana wawo, chimnyamata chotalika ngati mlongoti, amasewera mpira wa basiketi kunja. Anayambira ku Portugal, pano makalata akuchokera ku Belgium. Bambowa masewerawo sanawaonepo, koma wobwera kudzagula mpando sachoka asanamve za mwanayo. Ngakhale anyamata a chipani oona makadi amayamba akhala pansi n'kumvetsera.

Chaka chatha kalata inati abwera pa Khirisimasi. Bambowa anagumula khoma pamwamba pa khomo, n'kuikapo chitseko cha mlombwa chotalika kuposa cha tchalitchi. Khirisimasi inadutsa mwana osaoneka, timu ina inali itamutenga.

Chisanu cha mu Juni chitavuta, mayi oyandikana nawo analephera kupirira.

"Adada, khomo ili likulowetsa mphepo chomene. Bwanji osalifupikitsa, poti mwanayo sakubwera?"

Bambowa anasasa utuchi m'manja mwawo, osafulumira.

"Yewo, amama. Koma mwana wanga wawerama pa makomo a eni zaka zisanu ndi zitatu. Pakhomo pa bambo ake adzalowa ali chilili."