Kamoto wa M'khwawa

Ndikukumbukira chaka chimene mvula inachedwa, ndili mu sitandade 4. Tinkakhala m'nyumba za antchito pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Makwasa. Amayi ankathyola tiyi, koma ankalembedwa nthawi ya dzinja yokha. Tiyi akapanda kuphukira, akapitawo sankalemba munthu. Novembala anafika pakati minda ili mbuu ndi fumbi, ife tikugonera mango aawisi ophika.

Kumunsi kwa minda kunali khwawa limene mitengo yake sinadulidwe. Munali mibawa ndi mikuyu ikuluikulu, ndipo ukangolowamo, kutentha kunkatsala kunja. Pansi panali masamba owola, onunkhira chinyezi ngakhale m'chilimwe. Tsiku lina la Sabata titaweruka ku tchalitchi, amayi ananditengera kumeneko.

"Nkhuni pa Sabata, amayi?"

"Iyayi, tikukazonda mlendo."

Anagwada pafupi ndi mwala n'kukankha masamba. Panali duwa lofiira psuu, lozungulira ngati mpira, lodzaza timinga tofewa, litaima pa phesi lopanda tsamba n'limodzi lomwe. Iwo ankalitcha kamoto. Anati miyezi yonse ya chilimwe limabisala pansi ngati anyezi, limatuluka mvula ikayandikira, masamba ake n'kubwera pambuyo. Limafuna mthunzi ndi dothi la masamba owola. Pa dzuwa la m'munda wa tiyi silingakhale. Ine nditamva za anyezi ndinayamba kukumba ndi zala, koma anandimenya dzanja.

"Ameneyo ndi poizoni, mwana iwe! Njala isakupusitse."

Kenaka anaseka, ndipo ndinazindikira kuti panali patapita nthawi ndisanamve kuseka kwawo. Dzuwa litalowa anatulutsa dengu lawo lothyolera tiyi n'kuyamba kulisoka. Abambo atamva za duwalo anapukusa mutu. "Ndiye duwa lasanduka kapitawo tsopano?"

Sabata yotsatira mvula inagwa, yamphamvu moti denga linadontha paliponse. Tiyi anaphukira, amayi analembedwa.

Lero ndimaphunzitsa ku Changata. M'makwawa ambiri mitengo inathera ku macheka ndi makala, ndipo kwa zaka ndithu kamoto sindinamuonenso. Koma anthu ayamba kubzalanso mibawa m'mbali mwa mitsinje, ndipo mthunzi ukubwerera pang'onopang'ono. Chaka chatha atsikana awiri a m'kalasi mwanga anafika mochedwa, miyendo ili matope okhaokha. Ndisanawakalipire, mmodzi anati, "Madamu, taona duwa lachilendo kumtsinje. Sitinalithyole. Tiyeni mukalione."

Tsiku limenelo masamu sitinaphunzire. Tinapita kalasi yonse.