Chitsulo chopanda zitini

Lachiwiri lapitali mvula inagwa yosakata. Nditaweruka ku ofesi ndinawoloka mlatho wa Lilongwe ndikudziuza kuti lero kuzitsulo kulibe munthu. Ndinapitabe, poti miyendo inazolowera. Kuseri kwa galaja komwe timanyamulira zitsulo ndinapezako munthu mmodzi yekha, a Chikafa, atavula malaya, denga likudontha pamsana pawo.

"Achimwene, ndi mvula yonseyi?" ndinawafunsa.

"Mvula ikugwa panja, ine ndili m'kati. Tagwirani uko," anatero.

A Chikafa anali onyamula katundu pa sitolo ina ya mmwenye kufupi ndi msika. Ndiwo anatiphunzitsa tonsefe masewerawa. Zitsulo zathu si za ku Ulaya ayi. Ndi chitsulo chachitali chochotsa ku lole yakufa, ndipo uku ndi uku timakolekako zitini za palafini zothira simenti. Kale iwo ankakoleka zitini zonse n'kutukula, ife kukamwa kuli yasa.

Kenaka belo la mabulangete linawagwera akutsitsa mu lole, mkono wamanja n'kuthyoka. Mwini sitolo anati malo awasungira mpaka Lachisanu lapitali. Akalephera kunyamula thumba la mchere kuchokera pa lole kukalowa nalo m'sitolo, alemba wina. Kunyumba kuli ana ndi mayi awo okalamba, onse akuyang'ana mkono womwewo.

Pagulu pathu pali lamulo lomwe anaika ndi a Chikafa omwewo: ukajomba nthawi yaitali, kaya chifukwa n'chiyani, umayambiranso pa chitsulo chopanda zitini. Amati thupi limaiwala, ndipo wodzikakamiza amathyola msana.

Lamuloli latithera anthu, owerenga anga. Wina anapita kumudzi kukalima, wina kumaliro, wina anagona ndi malungo. Zonsezi n'zoona, palibe ananamizira. Koma pobwerera, akangoona chitsulo chili chokhachokha, anzawo akuyang'ana, manyazi amawagwira. Mumawapeza atakhala pa tayala, akukamba za ndale za boma la Chitaganya mpaka dzuwa kulowa. Za Chitaganya nanenso zimandiwawa, koma pakamwa pokha sipalimbitsa msana. Sabata yotsatira simuwaonanso.

Kodi si mmene tilili pa zambiri? Sukulu yamadzulo, kwaya, timu ya mpira, zonse timayamba ndi moto wa mapesi. Tikangodukiza kamodzi, timaopa kuti anthu ationa tikuyambiranso pansi. Chimatigonjetsa si vutolo ayi, koma maso a anthu.

A Chikafa sanaope maso a munthu. Chikhakha chitangochoka pamkono, anabwera n'kutola chitsulo chopanda zitini pamaso pa anthu omwe anawaphunzitsa okha. Ena ankaseka mobisa. Mkono unali utaonda. Tsiku ndi tsiku ankabwera, akuwonjezera kachitini kakang'ono, pang'onopang'ono ndi mtolo.

Lachisanu masana ndinazemba ku ofesi kupita ku sitolo kuja kukaonerera. A Chikafa anagwada, thumba n'kufika paphewa. Anayenda nalo bwinobwino kudutsa khonde lonse, atelala ataimitsa makina awo. Pakhomo penipeni mkono unakana. Thumba linagwa n'kuphulika, mchere mbwee pansi. Mwini sitolo si munthu wankhanza. Anapukusa mutu, anawagwira paphewa, koma ntchito anapatsa wina.

Ndinamva chisoni kwambiri, ndipo ndinabwerera ku ofesi osawalankhula. Mumtima ndinati basi, bamboyu sitidzamuonanso kuzitsulo. Nanga munthu angavutikirenso chiyani, chomwe ankalimbikira chapita?

Madzulo ake ndinawapeza atafika kale, akupukuta chitsulo ndi chiguduli. Mnzathu wina, uja wokonda kukhala pa tayala, analephera kudziletsa.

"Bambo Chikafa, ntchito ija yatha. Mukudzizunziranji?"

"Ntchito inali ya mmwenye, mkonowu ndi wanga," anayankha osatukula mutu. "Matumba m'tauni muno sanathe. Lero ndafika nalo pakhomo. Kolekani chitini china."

Wa pa tayala uja anaimirira. Anavula jekete, n'kukaima pamzere kudikira chitsulo chopanda zitini. Palibe anaseka.

Inu amene mukuwerenga, mkono wanu ndi wabwinobwino, ntchito yanu ilipo. Chija munachisiya theka chija, mukudikira kuti anthu atseke maso kaye?