Mbuzi ya Esnati Ipita ku Katete

Mkazi wanga, Esnati. Nyumba imene ndinamanga kwawo. Munda wa mtedza. Tsitsi langa.

Izi ndi zimene ndinataya chaka chimenecho. Atandisudzula maliro atatha, amalume ake anandisiyira mbuzi imodzi yaikazi, popeza ndine ndinamugulira nditangoyamba uphunzitsi. Ndinaganiza zokaigulitsa ku Katete kuti ndalama zake ndikapereke kuchipatala cha mishoni kumene Esnati anatsirizikira. Masiku amenewo mankhwala opha ululu ankasowa ngati shuga m'masitolo, ndipo ambiri ankagulidwa ndi zopereka za anthu.

Ndinanyamuka ku Vubwi m'mamawa nditavala taye ndi chipewa, mbuzi ili pachingwe. Cha m'ma seveni koloko inaima lole ya thonje yopita ku Chadiza. Dalaivala anati ine makwacha awiri, mbuzi kwacha imodzi.

"Koma ndiinyamula pamiyendo," ndinatero.

"Ndiye ilipire atatu. Yapeza mpando wabwino kuposa wanu."

Ndinangolipira mtengo woyamba uja.

Pamwamba pa mabelo a thonje panali amayi atatu opita kumsika. Wamkulu, amene anzawo ankawatchula NaZulu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Taye, chipewa, mbuzi. Abambo, mukukalowola kwa Angoni eti?"

"Ndi mbuzi imodzi?" anatero wachiwiri. "Akakupatsani nkhalamba yopanda mano."

"Asiyeni, ndi aphunzitsi awa," anatero wachitatu. "Zotsalazo akalipira ndi Chingelezi."

Ndinaseka, ndipo ndinadabwa kuti ndikadali kutha kuseka. Apo n'kuti mbuzi ikudya repu wa NaZulu mwakachetechete. Ataiona anaimenya ndi patapata, n'kunena kuti mkwatibwi ayenera kudziwa msanga khalidwe la akuchimuna.

Titatsikira mumtsinje wina wouma, lole inadumpha, chipewa n'kuuluka. Mutu wanga unali wometa, monga timachitira maliro akatha. NaZulu anamenya denga la lole mpaka dalaivala anaima, ndipo ndinatsika kukatola chipewa. Nditakweranso anandifunsa motsitsa mawu.

"Ndani?"

"Akazi anga."

"Pepani, abambo. Pakamwa pathupa sitimayamba taona."

Ndinawauza kumene mbuzi ikupita. NaZulu anatenga repu wotsala n'kumusunthira kufupi ndi mbuzi. Potsika pa Chadiza, mayi wachiwiri uja anamasula kansonga ka chitenje n'kundifumbatitsa mangwee, tindalama tachitsulo.

"Amayi anga anabuula mwezi wathunthu," anatero. "Mukaphatikize."

Masana ndinadya zitumbuwa ziwiri ndi tiyi wopanda shuga, kenako ndinakwera kagalimoto kotsekuka kumbuyo kopita ku Katete, makwacha atatu. Fumbi la msewu umenewo silisankha ophunzira. Pofika cha m'ma fili koloko, ine ndi mbuzi tinali a mtundu umodzi.

Pamsika anandilozera kwa Che Idrisa, Msilamu wogulitsa nyama wobadwira ku Malawi. Anaigwira mbuzi msana, anaitsegula pakamwa, n'kupukusa mutu.

"Achimwene, iyi ndi mbuzi kapena chikopa choyenda?"

Ndinawafotokozera cholinga changa, poganiza kuti afewa mtima. Sanafewe. Anatsitsa mtengo, ine n'kukweza, iwo n'kuitchula mbuzi yanga mayina oipa, mpaka tinagwirana chanza pa mtengo umene sunandikondweretse. Ananyamula chingwe, ndipo mbuzi inawatsatira osacheuka n'komwe. Ndili pafupi kuchoka anandiitananso, n'kutulutsa ndalama zina m'thumba la mkanjo, zoposa zimene anandidula.

"Zija zinali malonda," anatero. "Iyi ndi sadaka, chopereka cha kwa Mulungu. Musazisakanize, mungandiwonongere dzina pamsika pano."

Kuchipatala ndinapita wapansi. Pachipata ndinaima nthawi yaitali ndikuwerenga chikwangwani cha nthawi zoonera odwala, ngakhale ndinkazidziwa pamtima. Ndinkafuna kusiya ndalamazo kwa alonda n'kubwerera. Koma namwino wamkulu wa wodi ya amayi anandizindikira patali.

"A Phiri! Mwagwa m'chigayo kapena?"

Anandipatsa madzi osukusula, analandira zonse, mangwee aja ndi sadaka yomwe, n'kunena kuti mankhwala akaitanitsidwa ku Lusaka. Kenako anandifunsa ngati ndingakonde kulowa m'wodi. Ndinakana. Iwo anangotsogola, ine n'kutsatira.

Pabedi la pafupi ndi zenera panagona mayi wina wachikulire, tulo tofa nato, mwana wawo wamkazi akuwakupiza ndi chitenje. Mwanayo anandiuza monong'ona kuti abayidwa jekeseni masana, ndipo aka n'koyamba kugona chifikireni. Ndinaima pamenepo pang'ono chipewa chili m'manja.

Paulendowu ndinaphunzira kuti anthu ambiri ali ndi wawo amene anamumva akubuula, kungoti sanena mpaka wina ayambe.

Esnati anagona pabedi la pafupi ndi zenera lomwelo. Tsiku lake lomaliza, masana ngati omwewa, anamubaya jekeseni, nkhope yake n'kumasuka. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana bedi loyandikana nalo, kumene mayi wina ankalira chapansipansi.

"A Phiri, ine pano sipakupwetekanso," anatero. "Kawauzeni anamwino asathere mankhwala onse pa ine. Anzangawa sanalandire."