Chitseko Chopanda Makoma

Ndikukumbukira chitseko chathu kuposa nyumba zonse zimene tinagonamo. Chinali cha mlombwa, cholemera zedi, chili ndi mng'alu m'munsi momwe nyerere zinkadzera. Amayi anachigula kwa kalipentala wa pa Santhe ine ndisanabadwe, ndipo ankati pa dziko lonse lapansi chinthu chawochawo n'chimenecho basi.

Abambo anali tenanti, ankalima fodya pa esiteti ya eni. Nyumba ya tenanti si yake. Mitengo amadula yekha, dothi amaphoma yekha, udzu amafolera yekha, koma tsiku lothera ntchito nyumbanso imathera pomwepo. Ndiye tikamasamuka amayi ankayamba kuzula chitseko, kenako kulongedza miphika, ife ana pomalizira. Kumudzi kobwerera tinalibe, chifukwa makolo anga onse awiri anabadwira m'maesiteti momwemo.

Chaka chimene ndinali Sitandade 3, esiteti inagulitsidwa, mwini watsopanoyo n'kunena kuti matenanti sakuwafuna. Kapitawo anatipatsa sabata imodzi. Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mchenga ukuwotcha kumapazi. Abambo anamangirira chitseko pa njinga n'kumakankha, ife pambuyo ndi akatundu pamutu. Anthu m'njira ankatifunsa kuti nanga nyumbayo yatsala kuti. Abambo ankaseka nawo, amayi osaseka.

Anatilandira ndi a Nabanda, mayi wamasiye wolima fodya m'mudzi wina kufupi ndi Santhe. Anali munthu wa mawu aakulu, moni wawo umene umamveka ngati akukukalipira. Anatibwereka chigafa chawo, chija amayanikamo fodya: denga la udzu pamwamba pa mizati, khoma ngakhale limodzi ayi. Pangano linali loti abambo azigwira ganyu kumunda kwawo, ife tikhalemo mpaka tsiku loyamba kuthyola fodya.

Amayi anakumba maenje awiri kutsogolo kwa chigafacho, kuimikamo mitengo, n'kumangirirapo chitseko. M'mbali anatchinga ndi matumba a feteleza ofika m'chiuno, koma kumbuyo kunatsala pululu. Nkhuku zinkalowa pomwe zafuna, mbuzi chimodzimodzi. Ife anthu lamulo linali limodzi: kudzera pakhomo. Ndikangodutsira kumbuyo, amayi ankandikoka khutu n'kundifunsa ngati ndasanduka mbuzi. Fungo la fodya wakale linatilowa m'mabulangete, tinkadzuka tikuyetsemula. Mvula yoyamba itagwa ndi mphepo, madzi ankalowa mbali zonse zitatu, koma amayi anathamanga kukatseka chitseko. Ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka, khutu langa n'kulipira.

Pofika mu Januwale fodya anali atandipitirira msinkhu, masamba a m'munsi ayamba chikasu. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Abambo anazungulira maesiteti pa njinga, koma pakati pa dzinja palibe amene amalemba tenanti. Ankabwerako matope okhaokha. Amayi anasiya kuimba posinja. Kunena zoona ndinkaopa kwambiri, ndinkadziona tili pansi pa mtengo mvula ili pamsana.

M'mawa wina a Nabanda anatulukira atavala majombo, atanyamula mtolo wa ndodo zopachikapo fodya. Chigafa n'chawo, ndiye analowera kumbuyo kuja, kopanda khoma. Amayi anali kusesa. Ine, ndi khutu langa lophunzira bwino lija, ndinaimirira n'kunena mokweza:

"Kumeneko n'kolowera mbuzi. Anthu amadzera pakhomo."

Tsache linawapulumuka amayi m'manja. Anagwada pomwepo n'kuyamba kupepesa, akuti mwanayu alibe khalidwe, amukhululukire. Ine ndinadziwa kuti ndathamangitsa banja lonse ndi pakamwa panga. A Nabanda anandiyang'ana. Kenako anatula mtolo uja, kutuluka momwe analowera, kuzungulira m'matope, n'kukaima kunja kwa chitseko. Tinkawaona bwinobwino pamwamba pa matumba aja. Anawomba m'manja.

"Odi kuno, eni nyumba."

"Lowani," anatero amayi.

A Nabanda analowa n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Kenaka anasisita thabwa la chitseko lija ndi dzanja. Anati fodya sadikira munthu, chigafa akuchifuna pofika Lolemba, ndipo pamenepo panalibe zokambirana. Amayi anangowerama.

"Koma chitseko ichi chikufunika makoma," anatero a Nabanda. "Kuseri kwa khola langa kuli malo. Mwana wamwanoyu akule pamodzimodzi, ndizimuona."

Loweruka azimayi a kutchalitchi kwa a Nabanda anabwera ndi makasu ndi ndowa. Abambo anaimika mitengo, azimayi akuponda dothi, ine ndikutunga madzi mpaka khosi kuuma. Kanali kachipinda kamodzi, makoma onunkha chinyontho, koma chitseko chikatsekedwa mphepo inkatsaladi panja. Tinakhala mmenemo mpaka ndinamaliza sukulu. Khutu langa tsiku la mwano lija silinakokedwe, ngakhale amayi sanandiyamikirenso.

Lero ndimaphunzitsa ku pulayimale m'tauni ya Kasungu, ndipo ndine wa lendi. Ndasamuka kanayi, pakuti eni nyumba akangopaka penti, mtengo umakwera. Zitseko zake n'zachitsulo, zokongola, koma makiyi ake umabweza tsiku lotuluka. M'mamawa ndikamapita kuntchito ndimaona mabanja akupinda mphasa m'makonde a masitolo, ena a iwo ochokera m'maesiteti ngati ife. Mayina a olandira thandizo la boma amalembedwa m'midzi, nanga wopanda mudzi amulembera kuti? Sindidziwa ngati masiku ano alipo a Nabanda ambiri, malo nawonso anasanduka malonda.

Amayi anatisiya, a Nabandanso. Chitseko chija chili kuchipinda kwanga, chotsamira khoma la eni, ndipo ana anga amati tingochiwaza nkhuni. Ndimawauza kuti ayese aone. Chaka chatha ndinagula kapuloti kunja kwa tauni, kopanda ngakhale njerwa imodzi, udzu wokhawokha. Maenje awiri ndinakumba kale.